Funsani za seva: pa laputopu ikuyenda, pa intaneti ikukana

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa anthu amene mukupanga ma system a PHP, ena a masukulu, ena a ma SACCO, ena ndinu ophunzira a IT amene mukulimbana ndi pulojekiti yomaliza. Mafunso ndawadula pang'ono kuti akwane pa tsamba koma mfundo zake sindinasinthe.

Ndinapanga system yosungira malikisi a ana pa sekondale yomwe ndimaphunzitsa, ya PHP ndi MySQL. Pa laputopu yanga ndi XAMPP (pulogalamu yoyeserera website pa kompyuta yako) ikuyenda bwinobwino koma nditaiika pa hosting yomwe sukulu inalipira ikungolemba 500 Internal Server Error, pena tsamba loyera mbee lopanda kanthu. Ndafufuta ndi kuapulodanso kangapo, ahedi akundifunsa tsiku ndi tsiku. Kodi hosting yake ndi yabodza?
Mphunzitsi, Dedza

Aphunzitsi, musafufutenso ndi kuapulodanso, mukungotha bandulo, mafayilo omwewo akafika pa seva yomweyo achitanso zomwezo. 500 ija imangotanthauza kuti seva yayesa kuyendetsa sikiriputi yanu nde china chake chaima pakati, ndipo sikukuuzani chomwe chaimacho chifukwa pa seva ya pagulu uthenga wa vuto amaubisa dala, kuopa kuti aliyense wodutsa angaone mayina a mafoda anu ndi a databezi. Koma uthengawo ulipo ndithu, umalembedwa mu log, fayilo yomwe seva imalembamo zomwe zachitika, ndipo musanakhudze china chilichonse pitani mukauwerenge. Mu cPanel, tsamba loyendetsera hosting yanu, tsegulani File Manager, lowani mu public_html kapena mu foda yomwe muli sikiriputi ikukanayo, nthawi zambiri mupezamo kafayilo kotchedwa error_log, katseguleni mutsike mpaka mzere womaliza. Palinso batani la Errors mu cPanel momwemo. Ngati error_log mulibe, ikani pamwamba penipeni pa index.php mizere iwiri iyi, ini_set('display_errors', 1), ndi error_reporting(E_ALL), kenako mutsegulenso tsambalo, ndipo mukamaliza kukonza muichotse mizereyo tsiku lomwelo, isagone.

Poti simunanditumizire zomwe zalembedwamo, ndikuuzani zomwe zimapezeka kawirikawiri munthu akachoka pa XAMPP kupita pa hosting, inu mufananize ndi mzere wanuwo.

Ngati mukuona Call to undefined function mysql_connect(), khodi yanu inalembedwa ndi kalembedwe kakale. Ma function onse oyamba ndi mysql_ anachotsedwa mu PHP 7.0 yomwe inatuluka mu 2015, nde ngati XAMPP ya pa laputopu yanu ndi ija ya PHP 5 yomwe munakopera pa fulashi ya mnzanu, kwa inu ziziyenda koma pa seva ya PHP 8 zifera pa mzere woyamba wolumikiza databezi. Ma hosting ena amakulolani kusankha PHP 5.6 mu cPanel, ndipo ndikudziwa kuti ahedi akamakupanikizani mtima upita komweko, koma ine sindikulangizani, 5.6 inasiya kulandira zigamba za chitetezo kumapeto kwa 2018 ndipo mu system yanuyo muli mayina ndi malikisi a ana a eni. Sinthani mupite ku mysqli kapena PDO, ndi ntchito ya madzulo angapo, ndipo mukamasintha gwiritsani ma prepared statement kuti wina asamalembe SQL yake mu bokosi la dzina.

Ngati mukuona Failed opening required kapena No such file or directory pomwe fayiloyo mukuiona ndi maso anu kuti ilipo, yang'anitsitsani zilembo. Windows siisiyanitsa Header.php ndi header.php, kwa iyo ndi chinthu chimodzi, koma Linux yomwe ili pa seva imati ndi mafayilo awiri osiyana. Inu mu khodi munalemba include 'header.php' pomwe fayiloyo munaiseva ndi H wamkulu, basi system yonse yagona. Mayina a matebulo mu MySQL nawonso pa Linux amatero, Students ndi students si tebulo imodzi. Komanso ngati penapake munalemba njira yonse ya C:\xampp\htdocs, pa seva kulibe C, gwiritsani __DIR__ m'malo mwake.

Access denied for user 'root'@'localhost' ndi ija yoti munaiwala kusintha config. Pa XAMPP timalowa ndi root wopanda pasiwedi, pa hosting mupange databezi ndi user wake mu cPanel, dzina lake limayamba ndi dzina la akaunti yanu kenako kamzere ka pansi, ndipo pali sitepe ina anthu ambiri amaidumpha, yomuphatikiza user uja ku databezi ndi kumupatsa ma privilege. Kuyambira PHP 8.1 mysqli ikalephera imaponya exception, nde cholakwika chomwe kale chinkangodutsa mwakachetechete pano chimagwetsa tsamba lonse.

Zikakhala kuti 500 ikubwera ngakhale pa fayilo ya PHP yomwe mwangolembamo echo "moni" basi, khodi yanu ilibe mlandu, kayang'aneni fayilo ya .htaccess, yomwe imapereka malangizo kwa Apache, pulogalamu ya pa seva yomwe imatumiza masamba kwa bulawuza. Isintheni dzina kwa kanthawi muone ngati tsamba libwerera. Mizere yoyamba ndi php_value kapena php_flag imagwira pomwe PHP ikuyenda ngati module ya Apache, koma ma hosting ambiri amaiyendetsa mwanjira ina nde Apache ikakumana ndi mzere umenewo imati Invalid command n'kuima, zoterozo muzisamutsire mu fayilo ya .user.ini. Chomaliza ndi ma permission, mafayilo akhale 644 mafoda 755. Pali malangizo amayenda m'magulu a WhatsApp oti ingoikani 777 zonse zitheka, chonde musatero, 777 ikutanthauza kuti aliyense pa sevayo atha kulemba mu foda yanu, ndipo ma seva ena akaona 777 amakaniratu kuyendetsa sikiriputiyo n'kukupatsani 500 yomweyo.

Hosting itha kukhala ndi vuto lake inde, koma mukawalembera a support muwatumizire mzere wa mu log ndi nthawi yomwe zachitika, ayankha msanga kusiyana ndi kungowauza kuti website sikuyenda.

Ndinagula VPS (seva yobwereka yomwe umaiyendetsa wekha) ya Ubuntu ndikuikapo Nginx. Poyamba ndikatsegula website bulawuza imangodawuniloda index.php m'malo moonetsa tsamba, mnzanga anandikonzera zinayenda. Pano ndapanga upgrade kuchoka pa 22.04 kupita pa 24.04 ikungoti 502 Bad Gateway.
Wowerenga, Area 25, Lilongwe

Achimwene, mavuto anu awiriwa gwero lake ndi limodzi. Nginx payokha siyendetsa PHP, imangolandira pempho n'kulipereka kwa pulogalamu ina yotchedwa PHP-FPM kudzera pa socket, kenako n'kudikira yankho. Poyamba paja inalibe malangizo oti mafayilo a .php azipita kuti nde inangowapereka kwa bulawuza ngati mmene imaperekera chithunzi, mnzanu uja anaika location ya .php yokhala ndi fastcgi_pass zinatheka. Koma mu mzere umenewo muli nambala ya version, Ubuntu 22.04 imabwera ndi PHP 8.1 nde analemba /run/php/php8.1-fpm.sock, pomwe 24.04 imabwera ndi 8.3, socket yakaleyo kulibenso ndipo Nginx ikugogoda pa khomo lopanda munthu, ndiyo 502 yo. Lembani ls /run/php/ muone dzina lomwe lilipo, ngati mulibe kanthu onani systemctl status php8.3-fpm mwina siinaikidwe kapena siinadzuke, konzani dzinalo mu fayilo ya site yanu mu /etc/nginx/sites-available, kenako nginx -t kuti muone ngati simunaphonye semicolon, ndi systemctl reload nginx. Ma extension monga php8.3-mysql, php8.3-mbstring ndi php8.3-curl muonenso ngati alipo. Zonsezi /var/log/nginx/error.log ikanakuuzani pa mzere umodzi.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa ndi nthawi ija mafayilo amadawunilodeka. Ngati index.php imatsika, config.php nayo imatsika kwa aliyense amene anaiyesa, ndipo pa intaneti pali ma bot amene ntchito yawo ndi kuyesa mayina amenewa usiku ndi usana. Pasiwedi ya databezi ndi ma key ena onse omwe anali mmenemo asintheni lero.

Ndimayang'anira system ya SACCO yathu, mamembala amalowa kuona ma share ndi ngongole zawo. Masiku wamba imayenda, koma kumapeto kwa mwezi anthu akalandira imachedwa kwambiri mpaka 504 Gateway Time-out. Amene anatipangira akuti tigule seva yaikulu, komiti ikukana poti ndi ndalama zakunja. Tichite chani?
Mlembi wa SACCO, Mzuzu

Amayi, komiti yanu ili ndi mfundo, musagule kaye. Seva yaikulu pena imafunikadi, koma kugula musanayeze chomwe chikuchedwa ndi kutaya ndalama za mamembala, chifukwa query yoipa pa seva yaikulu imakhalabe yoipa, imangopeza malo ambiri oonongera. Amene anakupangirani system muwapemphe achite zotsatirazi inu muli pompo, zonse ndi zaulere.

Choyamba tisiyanitse netiweki ndi seva. Pa kompyuta tsegulani tsambalo mu Chrome, dinani F12 mupite pa Network, mudine pa pempho loyambalo muone Timing. Ngati nthawi yambiri ili pa kudikira yankho la seva, vuto lili ku seva, ngati ili pa kutsitsa zinthu ndekuti tsamba ndi lolemera ndi zithunzi kapena netiweki yanu ndi yofooka. Seva kukhala ku Ulaya kapena ku America kumawonjezerako kachigawo ka sekondi pa ulendo uliwonse, koma sikungapangitse tsamba kudikira miniti yathunthu. Ndipo 504 ikutiuza kale kuti ndi ku seva, chifukwa Nginx ikapanda kusinthidwa imadikira PHP masekondi 60, ikaona zii imatopa n'kulemba 504.

Tsono chifukwa chani kumapeto kwa mwezi kokha. PHP-FPM ili ndi antchito owerengeka, aliyense amagwira pempho limodzi pa nthawi imodzi, ndipo pa Ubuntu nambala yomwe imabwera kale pa pm.max_children ndi 5. Zili ngati pa chigayo pomwe pali makina asanu, aliyense akamabwera ndi kandowa mzere umayenda osaonekera n'komwe, koma anthu asanu akangofika ndi matumba a chimanga chonyowa makina onse atsekeka ndipo wa kandowa kammanja naye adikira panja mpaka dzuwa kulowa. Tsegulani log ya PHP-FPM mu /var/log, ngati mukuona mawu oti server reached pm.max_children setting, ndi zimenezi zikuchitika. Nambalayo itha kukwezedwa mu www.conf koma mowerengera, onani ndi top kuti wantchito mmodzi akudya memory yochuluka bwanji, tiyerekeze 50MB, ndipo mutachotsa ya MySQL ndi ya system mwatsala ndi 1GB, ndekuti malire anu ndi 20. Mukangolemba 100 poti ikumveka yaikulu memory idzatha, Linux idzayamba kupha ma process ndipo kawirikawiri wophedwa amakhala MySQL yemweyo, apo nde system yonse yazima.

Koma kukweza nambala ndi theka chabe, funso lenileni ndi loti ndani akutenga nthawi yaitali choncho. Mu MySQL yatsani slow_query_log ndipo long_query_time muitsitse kuchoka pa 10 yomwe imabwera kale ifike pa 1, muisiye tsiku limodzi la malipiro, m'mawa mwake mudzapeza ma query onse ochedwa atalembedwa. Tengani woipitsitsa muike mawu oti EXPLAIN kutsogolo kwake mu phpMyAdmin. Mukaona pa type palembedwa ALL ndipo pa rows pali nambala yaikulu, ndekuti kuti ipeze ndalama za membala mmodzi MySQL ikuwerenga tebulo yonse ya ma transaction kuyambira tsiku lomwe SACCO inayamba kugwiritsa system. Ichi ndichifukwa chake chaka choyamba zonse zinali bwino, tebulo inali yaing'ono. Mankhwala ake ndi index, kamlozo kothandiza MySQL kupeza mzere osawerenga tebulo yonse, pa column yomwe mumasakira, monga member_id ndi deti, mzere umodzi wa CREATE INDEX, ndipo query yomwe imatenga masekondi ambiri imatha kutsika mpaka osakwana sekondi. Pangani backup musanakhudze tebulo, ndipo muchite usiku anthu atagona.

China chomwe slow log siigwira bwino ndi query yoikidwa mkati mwa loop. Khodi imatenga mndandanda wa mamembala, kenako pa membala aliyense n'kufunsanso databezi balansi yake, nde ngati mamembala alipo 800 tsamba limodzi likufunsa ka 801, query iliyonse payokha ndi yachangu koma zikaphatikizana ndi katundu. Zimenezi zimalembedwa kamodzi ndi JOIN ndi GROUP BY, ndipo tsamba lisamaonetse anthu onse nthawi imodzi, LIMIT 50 ndi batani lopitira kutsogolo zikwanira. Kuti mugwire zoterezi yatsani slowlog ya PHP-FPM ndi request_slowlog_timeout ya masekondi 5, imakulemberani fayilo ndi mzere weniweni pomwe sikiriputi inaima.

Ndikufunseninso, kodi system yanu imatumiza SMS kapena kulankhula ndi za mobile money munthu akadina batani? Ngati eya, yang'anani pamenepo. Curl ya mu PHP ukapanda kuiikira CURLOPT_TIMEOUT imatha kudikira mpaka kalekale mbali inayo ikachedwa kuyankha, ndipo pa Linux nthawi yodikira kunjayo max_execution_time ya masekondi 30 ija siiwerengera, nde wantchito uja amangokhala chogwira foni anzake akudikira. Ikani timeout, ndipo ma SMS ambirimbiri asamatumizidwe munthu ali pa tsamba, alembedwe mu tebulo kenako cron, yomwe imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, izitumiza pang'onopang'ono kumbuyo. Onaninso kuti OPcache ndi yoyatsa, imabwera ndi PHP kuyambira 5.5 ndipo imathandiza kuti khodi isamamasuliridwenso pa pempho lililonse. Mukachita zonsezi koma CPU n'kumadzazabe tsiku la malipiro, pamenepo pitani ku komiti ndi manambala m'manja, adzakumverani.

Pa fomu yathu yolembetsera ophunzira, ena akaapuloda chithunzi cha satifiketi chimalowa ena chimakana popanda uthenga. Ndasintha php.ini koma palibe chasintha.
Wophunzira IT, Zomba

Mng'ono wanga, PHP imabwera ndi upload_max_filesize ya 2M ndi post_max_size ya 8M, pomwe chithunzi cha foni za masiku ano chimapitirira 2MB mosavuta, nde amene ali ndi kamera yabwino ndi amene akukanidwa. Kweza zonse ziwiri, post_max_size ikhale yoposa inzakeyo. Zoti palibe chasintha, mwina wasintha php.ini yolakwika, pa Ubuntu pali ya cli, ya fpm ndi ya apache2, iliyonse mu foda yake. Panga kafayilo ka phpinfo(). Ukatsegule mu bulawuza uone pa Loaded Configuration File, usinthe imeneyo, upange restart php-fpm kapena Apache, kenako kafayiloko ukafufute. Ngati pali Nginx, nayo ili ndi malire ake a client_max_body_size omwe ndi 1MB ndipo imayankha 413 PHP isanaone n'komwe fayiloyo. Mu khodi uziwerenga $_FILES['dzina']['error'] kuti munthu aziuzidwa chifukwa chomwe zakanira, ndipo popeza anthu akuapuloda pa fomu ya pagulu uziona mtundu wa fayilo, wina asakuikire .php mu foda ya zithunzi.

Malisiti a system ya shopu yathu akutuluka ndi nthawi yotsalira maola awiri, ndipo lipoti la tsiku limaphatikiza zolakwika.
Wamalonda, Chipata

Seva yanu ikuyendera nthawi ya UTC, ife kuno tili patsogolo ndi maola 2. Mu php.ini ikani date.timezone kukhala Africa/Lusaka, a ku Malawi Africa/Blantyre, kapena date_default_timezone_set pamwamba pa config. Koma MySQL ili ndi wotchi yakeyake, ngati khodi imagwiritsa NOW() muike SET time_zone = '+02:00' mukangolumikiza databezi, apo ayi PHP izinena zina MySQL zina. Cron nayo imatsata nthawi ya seva, lipoti lomwe munaika kuti lizipangidwa pakati pa usiku likupangidwa 2 koloko m'mawa, pa VPS timedatectl set-timezone imakonza zimenezo. Zolembedwa kale sizisintha zokha, musanazisunthe onani kaye ngati column yake ndi DATETIME kapena TIMESTAMP chifukwa TIMESTAMP imatsatira time zone yatsopano payokha, mukaiwonjezeranso maola 2 mwapitiriza.

Aphunzitsi atipatsa ntchito yolemba sikiriputi ya Python mu cgi-bin pa Apache. Pa Windows ikuyenda, pa seva ya ku labu log ikuti End of script output before headers.
Wophunzira, Blantyre

Achemwali, mwachita bwino kubwera ndi mzere wa mu log, ntchito yafupika. Apache ikuti sikiriputi yanu yatha kapena yafa isanatulutse ma header. Chinthu choyamba kutuluka chiyenera kukhala Content-Type: text/html kenako mzere wopanda kanthu, print ina iliyonse ibwere pambuyo pake. Fayiloyo ikhale chmod 755, ndipo mzere woyamba ukhale #!/usr/bin/env python3 osati njira ya pa Windows. Ngati zonsezi zili bwino, wokayikitsa ndi mathero a mizere, Windows imatseka mzere ndi zizindikiro ziwiri CR ndi LF pomwe Linux imafuna LF yokha, nde seva ikusaka pulogalamu yotchedwa python3 yokhala ndi CR wosaoneka kumapeto, yomwe kulibe. Lembani dos2unix ndi dzina la fayilo, kapena mu VS Code dinani pomwe palembedwa CRLF pansi kumanja musinthe kukhala LF. Kenako iyendetseni nokha pa terminal ya sevayo, ./dzina.py, chilichonse chomwe Python ikudandaula chioneka poyera. Ndipo ngati mu khodi muli import cgi onani version ndi python3 --version, module imeneyo inachotsedwa mu Python 3.13 yomwe inatuluka mu 2024, ngati labu ili pa imeneyo muwerenge zomwe zatumizidwa pogwiritsa os.environ, sys.stdin ndi urllib.parse, ndipo muwadziwitse aphunzitsiwo chifukwa kalasi yonse ikumana nazo.